Tauni ya Chitipa Ikamalowa M'minda, Kodi Lamulo Limamva Mawu a Eni Mudzi?

Chimalizikireni msewu wa tala wochokera ku Karonga, pa Boma pa Chitipa pakukula mooneka ndi maso. Pomwe ankalima chimanga ndi nyemba, lero pali mauvuni a njerwa, maziko a nyumba ndi magolosale. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 234,927 m'boma lonseli, ndipo oposa 17,000 mwa iwo ankakhala pa Boma. Anthuwa akufuna mapuloti, misika, sukulu ndi manda, ndipo malo ake sachokera kwina koma m'midzi yozungulira. Ndiye tauni ikafika pakhomo, mwini munda ali ndi mphamvu yanji? Akakana, lamulo limamumvera? Nawa mafunso omwe anthu amafunsa kawirikawiri, pamodzi ndi mayankho ake.

Tikamati tauni yalowa m'mudzi, kwenikweni chachitika n'chiyani?

Pali zinthu zitatu zosiyana zomwe anthu amaziphatikiza, ndipo mikangano yambiri imayambira pomwepo. Choyamba ndi kusuntha malire: mudzi womwe unali kunja kwa tauni ukuwerengedwa kuti uli mkati, ndipo wouyang'anira wasintha. Chachiwiri ndi kuika dera pa pulani: khonsolo yajambula mapu osonyeza kuti apa padzadutsa msewu, apa ndi pa msika, apa ndi pa nyumba zogona, ndipo womanga aliyense ayenera kutsata zimenezo. Chachitatu ndi kutenga malo enieniwo: munda womwe unali wa banja ukusanduka malo a boma.

Chilichonse mwa zitatuzi chili ndi lamulo lake, ndipo mawu a anthu salemera mofanana. Pa nkhani ya malire, mawu awo ndi opepuka. Pa nkhani ya pulani, ali ndi mpata wopereka maganizo ndi kutsutsa. Pa nkhani yotenga malo ndi pomwe lamulo limawateteza kwambiri. Choncho mukamva kuti "tauni ikubwera", funsani kaye kuti mwa zitatuzi chikubwera ndi chiti.

Koma Chitipa alibe khonsolo ya tauni. Nkhaniyi ikutikhudza bwanji?

N'zoona. Makhonsolo a mizinda m'dziko muno ndi anayi: Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Matauni ena monga Kasungu, Luchenza ndi Mangochi ali ndi makhonsolo awoawo. Ku Chitipa, khonsolo ya boma ndi imodzi, ndipo imayang'anira dera lonse kuyambira kwa Kameme mpaka ku Nthalire, pa Boma pomwe. Motero pakadali pano palibe makhonsolo awiri olimbirana malire.

Koma pa Boma pazunguliridwa ndi malo a makolo a m'dera la Mfumu Yaikulu Mwabulambya, ndipo mzere uliwonse wa nyumba zatsopano umalowa m'malo amenewa. Lamulo la Physical Planning Act la 2016 linaika dziko lonse la Malawi pansi pa ndondomeko ya mapulani, kusiyana ndi lamulo lakale la 1988 lomwe linkagwira ntchito kwambiri m'madera osankhidwa okha. Izi zikutanthauza kuti khonsolo ikhoza kujambula pulani ya pa Boma, ya ku Misuku, ku Wenya kapena ku Nthalire popanda kudikira kuti malowo atchedwe tauni.

Tisaiwalenso kuti matauni sachedwa kukula. Mzuzu unayamba ngati esiteti ya mitengo ya tung m'zaka za m'ma 1940, koma pofika 1985 unali utalandira kale ulemu wa mzinda. Chitipa ali pakati pa Zambia ndi Tanzania, ndipo malonda a m'malire akukoka anthu. Tsiku lokambirana za khonsolo ya tauni lidzafika, ndipo n'kwabwino lidzapeze anthu akudziwa kale malamulo.

Ndani ali ndi mphamvu yosuntha malire a tauni?

Lamulo la Local Government Act la 1998 linandandalika madera onse a makhonsolo, ndipo linapatsa nduna ya maboma ang'ono mphamvu yosintha ndandandawo polengeza mu gazeti ya boma. Ndunayo ikhozanso kulengeza kuti dera lakuti ndi tauni, pomwe ulemu wa mzinda amapereka ndi mtsogoleri wa dziko. Umu ndi momwe Zomba inakhalira mzinda mu 2008.

Mphamvu imeneyi inaoneka bwino cha m'ma 2010, pomwe makhonsolo a matauni a Karonga, Salima, Dedza, Balaka ndi Liwonde anathetsedwa n'kuphatikizidwa ndi makhonsolo a maboma awo, ndipo chiwerengero cha makhonsolo chinatsika kuchoka pa 40 kufika pa 35. Anthu a pa Karonga, oyandikana nafe, sanavote pa nkhaniyi. Ndipo nthawi imeneyo dziko linalibe ngakhale khansala mmodzi, popeza makhansala osankhidwa mu 2000 anamaliza nthawi yawo mu 2005 ndipo chisankho china chinadzachitika mu 2014. Kusintha kwakukulu chotere kunachitika opanda owaimira anthu a m'mawodi. Zimenezi zikusonyeza poyera kumene lamulo lathu linaika mphamvu: ku likulu, osati m'mudzi.

Ndiye kuti anthu savota konse?

Savota. Palibe lamulo m'Malawi lomwe limati malire a tauni asanasunthe pachitike chisankho cha anthu okhudzidwa. Riferendamu kwathu kuno ndi ya nkhani za dziko lonse, monga ya pa 14 June 1993 yomwe inabweretsa zipani zambiri, kapena pofuna kusintha magawo otetezedwa a malamulo aakulu a dziko. Mudzi wonse utakana kulowa m'tauni, kukanako pakokha sikumanga manja a nduna.

Komabe sikuti anthu alibe pogwira. Gawo 12 la malamulo aakulu limati mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu ndipo ziyenera kugwiritsidwa ntchito powatumikira. Gawo 146 limapatsa makhonsolo udindo woimira anthu a m'madera awo ndi kulimbikitsa kuti azitenga nawo mbali. Gawo 43 ndiye chida chakuthwa kwambiri: munthu aliyense ali ndi ufulu woti akuluakulu a boma amuchitire zinthu motsata malamulo ndi mwachilungamo, ndiponso kuti amupatse zifukwa zolembedwa pamene chiganizo chawo chikukhudza ufulu kapena zofuna zake. Makhoti athu akhala akugwiritsa ntchito gawoli kugwetsa ziganizo zomwe zinapangidwa popanda kumva mbali ya wokhudzidwa.

Mwachidule, lamulo limapatsa anthu ufulu womvedwa, koma silinawapatse mphamvu yoletsa. Taonani momwe bungwe la Malawi Electoral Commission linachitira pounikanso malire a madera a aphungu mu 2021 ndi 2022. Linayenda m'makhonsolo, linaonetsa mapu, linamva madandaulo, koma chiganizo chomaliza chinali cha bungwelo ndi Nyumba ya Malamulo, ndipo madera anachoka pa 193 kufika pa 229. Pa malire a tauni, ngakhale kuyenda kotereku sikunalembedwe mwatsatanetsatane.

Ena amati "malo onse ndi a boma". Malire akasuntha ndiye kuti munda wanga wapita?

Ayi. Mawu amenewa amaopseza anthu ambiri, koma ndi theka chabe la choonadi. Malamulo aakulu amanenadi kuti nthaka yonse ya Malawi ili m'manja mwa dziko, koma malamulo omwewo, pa gawo 28, amati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi katundu ndipo asalandidwe mwachisawawa. Gawo 44 limaika zinthu zinayi zomwe ziyenera kukhalapo boma lisanatenge katundu wa munthu: pakhale cholinga chothandiza anthu onse, mwiniwake adziwitsidwe mokwanira, alandire chipukuta misozi choyenera, ndipo akhale ndi ufulu wokadandaula ku khoti.

Cholembera cha nduna chikhoza kusuntha mzere pa mapu, koma mzerewo sufafaniza umwini wa munda. Ngati khonsolo ikufuna malo omanga msika, depoti ya mabasi kapena mapuloti ogawa, iyenera kuyamba ndondomeko ina yapadera yotengera malo. Malamulo a malo a 2016, omwe anakonzedwanso mu 2022, amazindikira malo a makolo, ndipo amalola munthu kapena banja kulembetsa malo awo n'kulandira satifiketi. Amene analembetsa amakambirana ali ndi umboni m'manja. Amene sanalembetse ufulu ali nawobe, koma amadalira mboni, mafumu ndi mitengo ya m'malire, zomwe zimavuta mkangano ukabuka.

Boma likafuna malo a makolo, liyenera kutsata njira yanji?

Lamulo la Customary Land Act la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo pa gulupu aliyense. Wapampando ndi a gulupu, ndipo mamembala ena asanu ndi mmodzi amasankhidwa ndi anthu a m'deralo, osachepera atatu akhale amayi. Nduna ikafuna kusandutsa malo a makolo kukhala a boma, iyenera kulengeza mu gazeti ndi kutumiza chidziwitso ku komitiyi. Chidziwitsocho chinene pomwe malowo ali, kukula kwake, malire ake ndi chifukwa chomwe akufunidwira, ndipo chipereke nthawi yoti anthu ayankhepo. Komiti idziwitse onse okhudzidwa, iwo apereke maganizo awo, ndipo nkhani ya chipukuta misozi ikambidwe malowo asanasinthe manja.

Apa m'pamene mawu a eni mudzi amalemera. Sangaletse chitukuko chothandiza anthu onse, koma akhoza kufunsa ngati cholingacho n'chothandizadi onse kapena ndi cha munthu mmodzi wamalonda. Akhoza kufunsa chifukwa chake pakufunika mahekitala ochuluka chotero, ndiponso ngati palibe malo ena opanda minda. Ngati ntchitoyo ndi yaikulu, lamulo la Environment Management Act la 2017 limafunanso kafukufuku wa momwe ikhudzire chilengedwe ndi miyoyo ya anthu, ndipo kafukufuku ameneyu sachitika popanda kufunsa okhudzidwa.

Vuto n'lakuti makomitiwa sanakhazikike mofanana m'dziko lonse. Komwe kulibe komiti yogwira ntchito, chidziwitso chimathera m'thumba la munthu mmodzi. N'chifukwa chake midzi yozungulira Boma iyenera kuumirira kuti makomiti ake asankhidwe poyera ndi kudziwika kwa aliyense.

Chipukuta misozi chimawerengedwa bwanji?

Pansi pa lamulo la malo la 1965, anthu a pa malo a makolo nthawi zambiri ankalipidwa nyumba, mitengo ndi mbewu zokha, ngati kuti nthakayo ilibe mtengo. Lamulo lotengera malo litakonzedwa mu 2017, zowerengedwa zinachuluka: kutaya malo enieniwo, kutaya ufulu wokhalapo, nyumba ndi zomanga zina, bizinesi yosokonezeka, ndalama zosamukira, ndi chisokonezo chomwe kusamukako kwabweretsa. Wowerengera akhale katswiri wovomerezeka.

Tsiku lowerengera ndi tsiku lofunika kuposa onse. Amabwera ndi tepi yoyezera, kamera ndi mafomu. Amayeza nyumba m'litali ndi m'lifupi, amaona ngati ndi ya njerwa zootcha kapena zosaotcha, ya malata kapena ya udzu. Kenako amalowa m'munda. Pamenepo mwini malo ayende nawo phazi ndi phazi: phata lililonse la nthochi, mtengo uliwonse wa mango, wa mapeyala kapena wa khofi, khola la ng'ombe, nkhokwe, chimbudzi, chitsime, zonse zilowe pa fomu iye akuona. Chomwe sichinalembedwe tsiku limenelo chimavuta kuchilowetsa pambuyo pake. Musasaine kapena kudinda chala pa fomu yomwe mizere yake ili yopanda kanthu, ndipo pemphani kope lanu kapena ijambuleni pa foni. Ngati bambo ali ku Joni kapena ku Nakonde, mayi amene akulima mundawo alembedwe dzina.

Pali zina zomwe ndalama sizifikapo. Manda a makolo, dambo lodyetsera ng'ombe, nkhalango yotolako nkhuni ndi bowa, izi ndi za mudzi wonse ndipo sizikhala pa fomu ya munthu mmodzi. Ngati mudzi suzitchula pa msonkhano woyamba, palibe adzazitchule.

Mfumu ikavomera, ndiye kuti anthu avomera?

Ayi. Mfumu ndi msungi wa malo m'malo mwa anthu ake, si mwini wa minda yawo. N'chifukwa chake lamulo la 2016 linaika komiti yosankhidwa pambali pa a gulupu. Chidindo cha mfumu n'chofunika, koma sichilowa m'malo mwa mawu a mayi wamasiye amene munda wake uli pa mzere wa msewu.

Mafumu nawo ali ndi chawo chotaya. Lamulo la Chiefs Act la 1967 limati mfumu isagwiritse ntchito mphamvu zake mkati mwa mzinda kapena tauni pokhapokha khonsolo italoleza molemba. N'chifukwa chake ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu nkhani ya mafumu a m'tauni imabuka kawirikawiri. Mu khonsolo, mafumu aakulu amakhala nawo pa zokambirana koma savota. Ku Zambia, Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II ya Asoli yakhala ikukana kwa zaka zambiri kuti mzinda wa Lusaka uzingofutukukira m'dera lake, ndipo mawu ake amamveka chifukwa lamulo la malo la dzikolo la 1995 limafuna chilolezo cha mfumu malo a makolo asanasanduke a lizi.

Koma tinene zoona: nthawi zambiri tauni silowa m'mudzi kudzera mu gazeti. Imalowa kudzera m'kapepala kolembedwa pamanja, kosainidwa ndi wogulitsa, wogula ndi mboni ziwiri, kodindidwa ndi a nyakwawa. Lero puloti imodzi yagulitsidwa kuti mwana apite kusukulu, mawa ina kuti agule feteleza. Pakatha zaka khumi, mudzi wasanduka tauni yopanda misewu, yopanda ngalande, yopanda malo a sukulu, ndipo palibe msonkhano womwe unachitika. Kulowa kotereku ndi komwe kukuchitika kwambiri, ndipo ana a eni mudzi ndi omwe amatsala opanda polima.

N'chifukwa chiyani lamulo silingopatsa anthu mphamvu yokana?

Chifukwa okhudzidwa si eni minda okha. Pali mphunzitsi amene akuchita lendi ndipo akufuna puloti, mayi wogulitsa tomato amene akufuna msika wa denga, odwala amene akufuna chipatala chikule, ndi ana amene adzabadwire m'tauniyo. Pali zinthu zomwe aliyense amazifuna koma palibe amene amazifuna pafupi ndi kwawo, monga kotayira zinyalala. Mudzi uliwonse ukanakhala ndi mphamvu yoletsa, palibe tauni ikanakhala ndi pulani.

Kulowa m'tauni kuli ndi zabwino zake: mipopi ya madzi, magetsi, misewu yokonzedwa, ndiponso mtengo wa malo umakwera. Kuli ndi zolemetsa zake: dera likalengezedwa kuti ndi lokhoma msonkho wa nyumba ndi malo, eni ake amayamba kulipira, kumanga kumafuna chilolezo, malamulo a khonsolo akhoza kuletsa kuweta ng'ombe ndi nkhumba pakati pa nyumba kapena kuika maliro pa manda a banja. Kwa munthu wa ku Chitipa amene chuma chake chili m'khola, zimenezi si zazing'ono.

Choncho lamulo limayesa kuika zofuna za onse mbali imodzi ndi za okhudzidwa mbali ina. Kuyeza kotere n'koyenera. Cholakwika n'chakuti woyezayo nthawi zambiri amakhala kutali, ndipo palibe chomukakamiza kufotokoza momwe wayezera.

Mbiri ya dziko lathu ikutiphunzitsa chiyani?

Boma litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968, ndipo likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Midzi yambiri inasamutsidwa kuti papezeke malo a maofesi, misewu ndi ma Area omwe tikuwadziwa lero. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo kufunsa funso kunali kuputa mavuto. Mzinda unamangidwa, koma m'mphepete mwake munadzaza madera opanda pulani monga Mtandire, Mgona ndi Chinsapo, omwe mpaka lero akuvutika ndi misewu, madzi ndi ukhondo.

Anthu a ku Chitipa safunika kupita kutali kuti amve nkhani yotere. Paki ya Nyika, yomwe inakhazikitsidwa mu 1965, inakulitsidwa mu 1978, ndipo mabanja ambiri a m'mphepete mwa phirili anasamutsidwa, kusiya minda, ming'oma ya njuchi ndi manda a makolo. Pakiyi imafika mpaka kumwera kwa Chitipa, kudera la Nthalire. Si tauni yomwe inakula, koma njira yake ndi yomweyo: mzere unasuntha pa mapu, anthu anamva pambuyo. Patapita zaka, boma linazindikira kuti paki singatetezeke popanda anthu oizungulira, ndipo linayamba kugwira nawo ntchito ndi kugawana nawo zina mwa ndalama zake. Kukambirana komwe kukanachitika poyamba kunachitika pomaliza, mabala atazama kale.

Nanga maiko ena amatani?

Amasiyana kwambiri. Ku America, mzinda wa Pittsburgh unameza mzinda woyandikana nawo wa Allegheny ngakhale anthu ambiri a ku Allegheny anavota kukana, chifukwa mavoti a mizinda iwiriyi anawerengedwa pamodzi. Mu 1907 khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti boma la chigawo lili ndi mphamvu yochita zimenezo. Koma zigawo zina zinasankha njira ina: ku Texas, malamulo a 2017 ndi 2019 anachititsa kuti nthawi zambiri mzinda usatenge dera popanda chilolezo cha okhalamo, kudzera mu chisankho kapena kusaina.

South Africa ili pakati, ndipo phunziro lake ndi lomwe likutiyenera kwambiri. Kumeneko malire a makhonsolo amajambulidwa ndi bungwe loima palokha la Municipal Demarcation Board, lomwe liyenera kulengeza poyera ndi kulandira madandaulo. Mu 2006, khoti la malamulo aakulu linagamula kuti kusamutsa dera la Matatiele kuchoka ku KwaZulu-Natal kupita ku Eastern Cape kunali kosavomerezeka chifukwa nyumba ya malamulo ya KwaZulu-Natal sinamve maganizo a anthu. Misonkhano inachitika pambuyo pake, ndipo Matatiele inakhalabe ku Eastern Cape. Kumva anthu n'kokakamiza, koma kuchita zomwe anena si kokakamiza. Ku Khutsong, anthu anakana kuchotsedwa ku Gauteng mu 2005, anachita zionetsero kwa zaka, ndipo mu 2009 dera lawo linabwezedwa. Ku Vuwani, mkangano wa malire unachititsa kuti sukulu zoposa 20 ziwotchedwe kapena kuwonongedwa mu 2016. Ku Ethiopia, pulani yofutukula mzinda wa Addis Ababa kulowa m'minda ya Aoromo inabutsa zionetsero zomwe anthu ambiri anaferapo, ndipo inathetsedwa mu January 2016.

Paliponse phunziro ndi limodzi. Boma likhoza kupambana ku khoti n'kulephera m'mudzi.

Kumva anthu kwenikweni kungaoneke bwanji kuno ku Chitipa?

Chitipa ndi boma la zilankhulo zambiri: Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chitumbuka, Chibemba, Chinamwanga ndi zina. Gazeti ya boma imalembedwa m'Chingerezi ndipo sifika m'mudzi. Pepala lomatidwa pa bolodi ku ofesi ya bwanamkubwa, lomwe mvula yalinyowetsa ndipo pamwamba pake amata kale chidziwitso cha ntchito, likhoza kukwaniritsa mwambo koma silinadziwitse munthu. Chidziwitso chenicheni chimveke m'chilankhulo cha okhudzidwa, m'matchalitchi, pa tsiku la msika, ndi pa wailesi zomveka kuno monga Tuntufye FM.

Msonkhano uchitikire m'mudzi wokhudzidwawo, osati mu holo pa Boma pomwe amafika ndi oitanidwa okha. Usachitike pakati pa dzinja anthu ali pa kupalira. Mapu abwere aakulu, ndipo oyeza malo ayende ndi anthu kukaloza pomwe mzere ukudutsa, mtengo ndi mtengo, mtsinje ndi mtsinje. Popeza kuno malo amatsata kuchimuna, amayi ndi achinyamata apatsidwe nthawi yawoyawo yolankhula, chifukwa pa bwalo la onse ambiri sadzuka akuluakulu ali pomwepo. Zokambidwa zilembedwe, ziwerengedwe pamaso pa onse, ndipo kope litsale m'mudzi. Pomaliza, akuluakulu abwerenso kudzanena zomwe atenga, zomwe asiya, ndi chifukwa chake. Msonkhano wongouza anthu zomwe zagamulidwa kale si kufunsa.

Ngati sitinamvedwe, tipite kuti?

Yambani ndi khansala wa wodi yanu ndi makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, ndipo dandaulo likhale lolembedwa, losainidwa ndi onse okhudzidwa. Lemberani bwanamkubwa kupempha mapu, pulani ndi zifukwa. Lamulo la Access to Information, lomwe linayamba kugwira ntchito mu September 2020, limakupatsani ufulu woona zikalata zotere. Sungani kope lodindidwa tsiku lomwe analandira.

Mikangano ya malo a makolo ili ndi mabwalo ake: la kwa mfumu yaikulu, la pa boma, ndi bungwe lalikulu la dziko lonse. Ngati vuto ndi kachitidwe ka ofesi ya boma, ofesi ya Ombudsman ndi bungwe la Malawi Human Rights Commission amalandira madandaulo kwaulere, ndipo Legal Aid Bureau imathandiza osowa ndalama ya loya. Khoti lalikulu, lomwe kumpoto kuno lili ku Mzuzu, likhoza kuunikanso chiganizo cha nduna kapena khonsolo ndi kupereka chiletso. Koma pempho lotere liyenera kufika mwachangu, pasanathe miyezi itatu chipangidwireni chiganizocho. Dziwaninso kuti khoti limayang'ana ngati njira inatsatidwa, osati ngati malirewo akukukondweretsani. Kuzula zikhomo za oyeza malo kapena kuwononga katundu ndi mlandu, ndipo kumafooketsa dandaulo lomwe linali lomveka.

Ndiye chofunika kusintha n'chiyani?

Lamulo la maboma ang'ono liyenera kunena momveka kuti malire a tauni asasunthe popanda chidziwitso m'zilankhulo za deralo, misonkhano m'midzi yokhudzidwa, nthawi yokwanira yotsutsa, ndi lipoti lolembedwa loyankha zomwe anthu anena. Sitikupempha kuti mudzi umodzi uzitha kuimitsa chitukuko cha boma lonse. Tikupempha kuti wosuntha mzere aziima pamaso pa omwe mzerewo ukuwadutsa n'kufotokoza. Aphungu athu akhoza kupititsa nkhaniyi ku Nyumba ya Malamulo, ndipo khonsolo ya Chitipa ikhoza kuyamba kuchita zimenezi lero popanda kudikira lamulo latsopano.

Chitipa ali ndi mwayi womwe Lilongwe analibe: tauni ikadali yaing'ono, minda yambiri ikadali m'manja mwa eni ake, ndipo malamulo oteteza anthu alipo. Inu a m'midzi yozungulira Boma, sankhani makomiti anu a malo, lembetsani minda yanu, gwirizanani za manda ndi madambo anu, ndipo pitani ku khonsolo mukafunse pulani ya tauni oyeza malo asanafike pakhomo panu.